Kagalasi Kamene Twaibu Anachotsa

Kamera yanga inakalambira m'maukwati.
Zaka zisanu ndi zinayi ikumeza mavelo, makeke,
ndi nkhope za pa ziphaso zoletsedwa kumwetulira,
mpaka makasitomala anayamba kusolola mafoni m'matumba
ine ndikadapukuta lenzi.

Ndiye ndinapita nayo kwa Twaibu,
uja amakonza mafoni kuseri kwa depoti,
pakati pa wogulitsa mlamba wowamba
ndi wowotcherera njinga za kabaza.
Anamasula tisikuluwu makumi awiri ndi titatu
natisunga m'chivindikiro cha botolo la mafuta odzola.
Anazimitsa fani kuopa fumbi,
thukuta likudontha pachibwano,
ndipo ndi kapanira ka nsidze ka mkazi wake
anatulutsa kagalasi kobiriwirako,
kosaposa chikhadabo.
Akuti, aka ndi kamlonda.
Pali kuwala kwina kamene kamabweza pakhomo.
Lero takachotsa ntchito.

Kutsogolo ndinamangako fyuluta
yakuda ngati phula wa msewu wa ku Liwonde.
Ukasuzumiramo ndi diso suona kanthu.
Kamera yokha ndiyo imaona.

Dzuwa lili paliwombo,
nthawi imene ojambula anzanga amabisala m'makonde
mbuzi zitatsamira khoma la mzikiti,
ndinakaima pa mlatho.
Shire anada bii.
Thambo nalo linada, ngati mvula yosagwa.
Koma migwalangwa ya kutsidya inayera mbee,
bango, namasupuni, ngakhale kaudzu ka m'ming'alu ya simenti,
chilichonse chamoyo chinavala zoyera
ngati m'mawa wa tsiku la Idi.
Mnyamata wa kabaza anaima, nasuzumira pa kasikirini,
nafunsa, kumeneku ndi dziko liti?
Ndinati, ndi pamene waimapo.

Mchemwali wanga Asiyatu ndinamujambula akuchokera kumsika.
Mpango wake wakuda unatuluka wotuwa,
maso akuya ngati zitsime ziwiri,
mitsempha ya m'khosi ikuonekera pansi pa khungu
ngati tinjira ta kudimba.
Anayang'ana nthawi yaitali.
Fufuta, anatero, wandisandutsa mzukwa.
Sindinafufute.

Kwathu kwa Mpondasi kuli mtengo wa mango
umene bambo anabzala chaka chimene ndinabadwa.
Ndi maso, wonse unali wobiriwira.
Pa chithunzi unayera ngati thonje,
kupatula nthambi ya kummawa,
imene inatuluka ya phulusa.
Ndinati ndalakwitsa ndine,
poti kuwala kumeneku sikugwera pamene kunzake kumagwera,
umayenera kubweza mphete ya lenzi pang'ono.
Ndinabweza. Ndinajambulanso katatu.
Phulusa lomwelo.
Mwezi usanathe, masamba a nthambiyo
anali kuthothoka okha popanda mphepo,
ndipo titaidula tinapeza mkati mwafumbwa.

Bambo amakhala pansi pa mtengowo madzulo,
kofia ili pabondo, akutsokomola pang'ono,
chifuwa chimene amati ndi cha fumbi chabe.
Dzulo anati, iwe, kamera yako yoona zobisikayo,
tandijambulako nane.
Ndinati batire yatha.
Anati, ndiye mawa.

Kagalasi kaja ndimakasunga m'bokosi la machesi,
kokulungidwa ndi pepala la lisiti.
M'mawa uno ndadzera kwa Twaibu
kukafunsa ngati kamlonda kangabwerere pa ntchito.
Sanadzutse mutu pa foni imene amakonza.
Akuti kubwerera kangabwerere,
koma kamera ikatsegulidwa kawiri
fumbi limalowa,
ndipo chithunzi chilichonse udzajambule
chidzakhala ndi kadontho pamalo amodzimodzi.

Ndalipira wa kabaza, ndikubwerera kwa Mpondasi.
Batire yadzaza.
Dzuwa likukwera.